Nsomba ya Banyira

Yeoville, Johannesburg
9 Malichi, 1997

Okondedwa amake Lonjezo,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu. Muli bwanji ku Zingwangwa kumeneko, inu ndi mwana wathu? Chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzino lakumanzere lija layambanso, koma si zoti mudandaule nazo.

Kalata yanu ndinalandira kwa a Stewart a pa basi. Ndamva zoti shuga wakweranso ndiponso kuti eni nyumba akulankhula zokweza lendi. Musakangane nawo, muwayankhe mwaulemu. Ndawapatsira a Stewart R250 ndi nsapato za Lonjezo. Zikakula muikemo thonje kutsogolo, akuliramo.

Tsopano imvani nkhani, mwina museka. Ntchito yotsuka magalimoto ija ndasiya. Ntchito yanga panopa ndi kugula zinthu. Pali mayi wina wachizungu, a Joan, ali ndi kaofesi ku Braamfontein. Eni masitolo a zakudya za anthu olemera amawalipira mayiwa kuti azitumiza munthu m'masitolomo ngati kasitomala wamba, akaone mitengo ndi mmene antchito akulandirira anthu. Chisinthireni boma kuno, anthu akuda a ndalama ayamba kulowa m'masitolo amenewa, ndiye eni ake akufuna kudziwa ngati antchito awo amalemekeza munthu wakuda. A Joan anandimva ndikulankhula Chingerezi pamene ndimapukuta galimoto yawo. Atafunsa za sukulu ndinati Fomu 4, basi Lolemba lake ndinayamba.

Anandigulira suti yotuwa, tayi ndi nsapato zakuda. Zonsezi zimagona ku ofesi. Ndimavala m'mawa, madzulo n'kuvula. Amandipatsa envelopu ya ndalama ndi mndandanda wa zogula. Ndikalowa ndimakankha tirole pang'onopang'ono ngati munthu amene sanagonepo ndi njala, ndifunse ichi, ndibweze icho. Ndikatuluka ndimakakhala pa benchi kuseri n'kulemba fomu: mitengo, mphindi zimene ndaima pamzere, dzina la wantchito lolembedwa pachifuwa pake, ngati anandipatsa moni, kenako mamalikisi kuyambira wani mpaka teni. Maina a masitolowa ndinasainira kuti sindidzatchula. Kwa inu ndizingoti sitolo ya Magalasi ndi sitolo ya Maluwa, poti ina ndi magalasi okhaokha, inayo ili ndi maluwa pakhomo.

Malipiro ndi abwino, kuposa kawiri a kumagalimoto. Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. A Joan akuti munthu akandifunsa ndizinena kuti ndine wabizinesi. Lachinayi mtsikana wa pa thilu anandifunsa, ine n'kunenadi choncho, m'nyengo ya Lenti ino. Ndinafika kunyumba m'kamwa mukuwawa. Kodi bodza limene munthu wakulembera ntchito kuti uzinena limakhala la ndani, lako kapena lake? Mundifunsireko kwa akuluakulu a mumphakati, koma musatchule dzina langa.

Mundipempherere monga ine ndikupemphererani.

Ndine mwamuna wanu,
Onesimo


Yeoville
6 Epulo, 1997

Okondedwa amake Lonjezo,

Ndikhulupirira Pasaka munadya bwino ndipo nonse muli moyo. Ine ndili bwino, dzino lija ndinakazulitsa.

Munafunsa kuti m'masitolomo muli chiyani chimene mu PTC mulibe. Mayi, mukanaona. Buledi yemweyo ku Magalasi ndi R3.20, ku Maluwa R3.95, kusiyana kwake n'kwakuti ku Maluwa amamukulunga m'pepala la khaki. Matimati asanu ndi limodzi, ofanana ngati anawaumba pachikombole, amawagoneka m'kambale n'kuphimba pulasitiki, R7. Ndi ndalama imeneyo inu mungatenge beseni lonse pamsika wa Zingwangwa. Pali tchizi wina wochita nkhungu zobiriwira, woti kwathu mukanatayira kudzala mutagwira mphuno, R68 pa kilo. Madzi akumwa enieniwa amagulitsa m'botolo. Lachisanu zotsala timagawana ku ofesi, ndiye ine ndimadya zimenezi ndikukumbukira kuti inu mukugula mafuta ophikira a m'kathumba.

Kumbali ya ulemu, ku Magalasi mitengo ndi yotsikirapo koma mlonda amanditsata shelefu ndi shelefu, suti ili m'thupi. Wa pa thilu chenje amaika patebulo, safuna kukhudza dzanja langa. Ku Maluwa amati bwana, amakunyamulira katundu mpaka panja, koma kumwetulira kwake kumathera pamano. Ndinawapatsa folo a ku Magalasi, a ku Maluwa seveni.

Koma chimene ndikufuna kukuuzani ndi ichi. Lachitatu ndinali ku Maluwa pa kauntala ya nsomba. Mndandanda unati theka la kilo ya nsomba ya m'nyanja yamchere, yochotsa minga, R36 pa kilo. Amene amayeza anali bambo wamfupi, wandevu zometa bwino, pachifuwa palembedwa Habibu. Anayeza, anakulunga, anamata pepala la mtengo n'kundipatsa. Ine n'kulandira.

Anandiyang'ana n'kunena m'Chinyanja, motsitsa mawu, "Achimwene, kwanu n'kuti?"

Ndinayenera kuyankha m'Chingerezi ngati sindinamve. Pakamwa panathamanga. Ndinati, "Ku Blantyre."

"Ndinadziwa. Kuno kulibe munthu wa suti amene amalandira chinthu ndi manja awiri. Blantyre yake iti?"

"Zingwangwa."

"A ku Zingwangwa mwayamba kuvala chonchi? Ife a ku Ndirande tikadali m'maepuloni. Tabweretsani phukusilo."

Analimasula, n'kudula chidutswa china chachikulu ngati chikhatho changa, n'kuikamo, n'kukulunganso ndi pepala la mtengo lomwe lija. Anati, "Ya banyira iyo. Munthu wakwathu sangachoke pa sikelo yanga ngati mlendo."

Amake Lonjezo, misozi inalengeza. Zaka ziwiri kuno palibe amene anandiikirapo kanthu pamwamba, ngakhale tsabola mmodzi. Pamzere panalibe anthu, ndiye tinacheza pang'ono. Kwawo ndi kwa Goliyo, kuseri kwa mzikiti. Akazi awo ndi a Asia, amagulitsa samusa, ali ndi ana atatu. Pa kauntala imeneyo akhalapo zaka zinayi.

Pa fomu yathu funso lomaliza limati, kodi wantchito anachitapo china choposa chimene mumayembekezera? Masiku onse ndimalemba kuti ayi. Tsiku limenelo ndinadzaza mpaka kuseri kwa pepala. Ndinafotokoza m'Chingerezi changa chonse za banyira, kuti kwathu wogulitsa wabwino amaika pamwamba kuti wogula adzabwerenso, ndi kuti bambo ameneyu ayenera kukwezedwa. Teni pa teni. A Joan anali ku Durban, ndiye mafomu a sabata imeneyo ndinawatumiza ndekha pa fakisi kwa eni sitolo. Koyamba ndinaona kuti ntchito ya mabodzayi ingathe kumuchitira munthu zabwino.

Nsombayo ndinaikazinga ndekha. Si chambo, koma inakoma.

Moni kwa Lonjezo, mumuuze alimbikire masamu.

Wanu,
Onesimo


Yeoville
4 Meyi, 1997

Amake Lonjezo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo. Kuzizira kwayamba, ndipo tulo sindikulipeza bwino.

Ndawapatsira a Stewart ndalama zanu za mwezi uno. Muli envelopu ina yaing'ono ya R100 ndi katoni ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Zimenezo si zathu. Mukwere minibasi mupite ku Ndirande kwa Goliyo, kuseri kwa mzikiti, mukafunse mayi ogulitsa samusa, a Asia. Mukawapatse. Akafunsa mukangoti zachokera kwa mnzawo wa amuna awo ku Joni. Musakhalitse, ndipo musatchule ntchito yanga.

Za lendi ndamva. Lipirani yokwerayo.

Ntchito ikuyenda. Mitengo yakwera m'masitolo onse awiri, mazira khumi ndi awiri afika R6.50 ku Maluwa. Ku Magalasi mlonda uja anasiya kunditsata, tsopano amandipatsa moni, zikuoneka kuti mafomu athu amawerengedwa ndithu. Amawerengedwa kwambiri. Ku Maluwa ndinapitako Lachiwiri. Pa kauntala ya nsomba pali munthu wina.

Lero ku Misa sindinalandire Ukaristia. Musafunse kaye.

Onesimo


Yeoville
25 Meyi, 1997

Okondedwa amake Lonjezo,

Moni kwa inu ndi mwana. Ndathokoza kumva kuti malungo aja anakusiyani. Ine thupi lili bwino.

Kalata yanu yandipweteka, koma ndikudziwa kuti ndinaiputa ndekha. Mwafunsa kuti a Asia ndi ndani wanga, ndipo kuti chifukwa chiyani mkazi wa mwini akudyera shuga wa ku Joni pamene inu mukugula wa pa supuni. Pamaso pa Mulungu, mayi amenewo sindinawaonepo. Ndi akazi a Habibu wa nsomba uja ndinakuuzani. Zikomo kuti munapita ngakhale mtima unali m'mwamba.

Mwati anakuuzani kuti amuna awo sanatumize kanthu kapena kalata chiyambire Epulo. Chifukwa chake ndi ichi. Habibu anachotsedwa ntchito, akuti anaba nsomba. Eni sitolo anaitana apolisi, ndipo apolisi atafunsa mapepala anapeza kuti chilolezo chake chinatha kalekale. Mlandu wa nsomba anausiya, koma iye ali kumalo osungira anthu odikira kubwezedwa kwawo, kunja kwa tauni. Ndinazimva kwa mayi wina wokolopa m'sitolomo.

Loweruka ndinapitako. Mateksi awiri, kenako wapansi. Ndinatenga buledi, shuga ndi juzi yanga yabuluu ija munandilukira. Mundikhululukire za juziyo, kumeneko kukuzizira koopsa. Anabwera pa waya atawonda, ndevu zitamera paliponse. Poyamba sanandizindikire.

Kenako anati, "Aa, bwana a ku Zingwangwa. Suti ija mwaisiya kuti?"

Ndinati ili kochapitsa.

"Mwabwera mpaka kuno chifukwa cha ine? Anzanga amene ndimadya nawo mbale imodzi palibe wabwera. Inu munthu wa ndalama zanu, tinangoonana kamodzi." Anaseka pang'ono. "Nsomba ija inakoma?"

Ndinati inakoma.

"Bola. Ndiye kuti sindinamangidwire chinthu chowola." Kenako nkhope inasintha. "Amene anandinenera ndikumudziwa. Ndi uja wa pa nyama, wamtali uja. Sanandikondepo chifikireni, amati alendo tikuwalanda ntchito. Anaona ndikukuikirani, basi wathamangira kwa manijala. Ndikamaswali ndimamutchula dzina, Mulungu aone yekha chomuchita."

Amake Lonjezo, ndinali nditagwira waya ndi manja onse. Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka n'chakuti, limbani mtima achimwene. Mlonda atati nthawi yatha, iye anandidalitsa m'chipembedzo chawo, ine n'kuyankha kuti amen.

Mukapitenso kwa a Asia mukawauze kuti amuna awo ali moyo, ndipo mwina abwera posachedwa. Zambiri ndilemba ndikapeza mphamvu.

Wanu,
Onesimo


Yeoville
22 Juni, 1997

Mkazi wanga Anjelina,

Moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindinganame kuti ndili bwino.

Mwalemba kuti mukundidziwa, kuti ndikayamba kupatsa anthu zinthu ndiye kuti pali chimene ndaswa. Mwalondola. Ndinena zonse, muwerenge muli nokha.

Wa pa nyama uja sananene kanthu. Amene anamunenera Habibu ndine. Fomu ija ndinadzaza mpaka kuseri, yokhala ndi dzina lake, tsiku, ola ndi kukula kwa chidutswa, ndiyo imene manijala anawerenga. Ine ndinalemba chiyamikiro, iye anawerenga umboni. Ndinazidziwa kuyambira kumapeto kwa Epulo. A Joan atabwera ku Durban anandiitana, fomuyo ili patebulo.

Anati, "Onesimo, unalemba iwe izi?"

Ndinati, "Inde madamu, bamboyo ndi wabwino kuposa onse."

"Anakupatsa katundu wa sitolo osalipiritsa. Kwanu kumeneko si kuba?"

Ndinati kwathu wogulitsa wosaika pamwamba ndiye amene anthu amamuthawa. Ndinati pamsika wa Limbe ngakhale mayi wa mulu umodzi wa matemba amaikako awiri atatu, ndipo palibe amene anasaukapo nazo.

Anati, "Matembawo ndi ake. Nsomba ija inali yake?"

Anapuma kwambiri n'kunena kuti akanakhalapo akanaing'amba fomuyo, koma inapita kale. Kenako anati eni sitolo akondwa kuti tagwira wakuba, awonjezera kontilakiti ya chaka china. Anatsegula kabati n'kundipatsa R100, akuti ya ntchito yabwino. Ndinalandira, Anjelina. Ndi manja awiri omwe aja. R100 imene munapititsa ku Ndirande inali imeneyo.

Ndakhala ndikudziuza kuti sindinaname, ndinalemba zoona zokhazokha. M'ntchito yonseyi fomu imeneyo ndiyo yokha imene ndinalemba ndi mtima wonse. Koma ndikadaganiza pang'ono. Ndinaphunzira mpaka Fomu 4, ndakhala kuno zaka ziwiri, ndimadziwa kuti kuno ngakhale thumba la pulasitiki limawerengedwa. Ndinakondwa kumva Chinyanja mpaka ndinaiwala dziko limene ndili. Ndipo tchimo lalikulu si fomuyo. Ndi pa waya paja, pamene munthu amatemberera mnzake wosalakwa ine ndili chete.

Dzulo ndinapita kukalapa. Abambo ansembe ndi achikulire, anakhalapo ku Zambia, Chinyanja amamva. Ndinayembekeza kuti andipatsa makorona angapo oti ndikapemphere, ndizipita. Anati, "Wandiuza ine, chabwino. Koma ine sindinachotsedwe ntchito." Anati ndipite kwa manijala ndikanene chimene chinachitika, ndiponso ndimuuze mwini wake. Ndinati ndikatero ntchito yanga yatha, chifukwa wogula wachinsinsi akadziwika nkhope salinso kanthu. Anati akudziwa.

Kuyambira Epulo ndikuyendabe m'masitolo muja ndi suti. Ndikafika pa funso lomaliza ndimalemba kuti ayi, ngakhale munthu andichitire zabwino bwanji. Sabata yatha mtsikana wina ku Magalasi anandithamangira mpaka panja ndi chenje chimene ndinaiwala. Ndinalemba kuti ayi.

Sindikupempha chilolezo, koma sindifuna kuchita mobisa kwa inu, poti lendi ndi ndalama ya yunifolomu zidzagwera inu. Mundiyankhe msanga.

Mwamuna wanu wolakwa,
Onesimo


Yeoville
20 Julayi, 1997

Okondedwa amake Lonjezo,

Moni. Ndikhulupirira kuzizira kwa chiperoni sikunamubwezere mwana chifuwa. Ine ndili moyo.

Yankho lanu linali lalifupi. Mwati mwamuna wopanda suti mukumudziwa, ndi amene munakwatiwa naye, koma uyu wosagona tulo simukumufuna. Mwatinso ndine chitsiru. Zonse ziwiri ndalandira.

Ndinapita Lolemba pa 7. Ndinalowa ku Maluwa ndi suti yomwe ija, tirole osatenga, n'kupempha kuonana ndi manijala. Anandilandira bwino, mpando, khofi, akuyesa ndabwera kudzadandaula za katundu. Ndinamuuza kuti ndine ndinalemba fomu ija, kuti Habibu sanaike kanthu m'thumba mwake, kuti chimene anachita kwathu ndi ulemu kwa wogula. Ndinatulutsa R9, mtengo wa chidutswa chija monga ndinauwerengera, n'kuika patebulo.

Anayang'ana ndalamayo n'kufunsa kuti aikhomere pa thilu iti. Anati nkhaniyo inatsekedwa, ndipo ngakhale atafuna, munthu wopanda chilolezo sangamulembenso. Sanakalipe. Anandiperekeza mpaka pa maluwa paja n'kunena kuti ndiyende bwino, bwana. Ulemu wa ku Maluwa ndi umenewo, mpaka pomaliza. Ndisanafike ku Braamfontein anali atawaimbira kale a Joan. Suti ndinaikoloweka pamsomali pake. A Joan anandilipira masiku anga onse, anati ndine munthu wabwino koma ntchito iyi si yanga. Ndabwerera kotsuka magalimoto, anandilandira. Mwezi uno ndatumiza R120 yokha. Zitseko zachitsulo zija timafuna ziyambe zadikira.

Loweruka lake ndinapita ku waya kuja kuti ndikamuuze Habibu. Ndinachedwa. Alonda anati gulu la a ku Malawi linanyamuka Lachinayi. Ndiye kuti pofika pano ali kwa Goliyo.

Chotsala chili m'manja mwanu, ndipo ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani katundu wanga. Ndikanalemba kalata yakeyake, koma anandiuza kuti sukulu analekera Sitandade 3, ndipo sindifuna kuti amuwerengere munthu wapadera. Mupite Lamulungu mukatuluka ku tchalitchi. Mukapemphe kuti a Asia akhalepo. Mukawerenge mawu awa monga alili, musakometse:

Achimwene a Habibu, ine Onesimo wa ku Zingwangwa si bwana. Suti ija inali ya ntchito. Ndinalembedwa kuti ndizizonda antchito a m'masitolo. Ndinalemba za banyira lanu kwa mabwana anu ndikuyesa kuti akukwezani, ndipo ndi fomu yangayo ya mamalikisi imene inakuchotsetsani ntchito. Wa pa nyama uja alibe mlandu. Pa waya paja ndinadziwa zonse koma ndinachita mantha. Sindikupempha kuti muiwale. Ndikupempha kuti mudziwe.

Akakalipa musayankhe. Akakuthamangitsani mubwerere mwaulemu. Chilichonse chimene anene mundilembere chonse, ngakhale chotukwana.

Wanu,
Onesimo


Yeoville
31 Ogasiti, 1997

Okondedwa amake Lonjezo,

Moni m'dzina la Ambuye wathu. Ndakondwa kuti nonse muli bwino ndiponso kuti Lonjezo wakhoza nambala 6. Ine ndili bwino. Manja asweka ndi sopo wa magalimoto, koma ndikugona.

Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo. Zikomo kuti simunandibisire za a Asia, kuti anadzuka pamkeka musanamalize, n'kunena kuti shuga wanga akanadziwa akanathira m'ngalande. Ali ndi chifukwa. Ana atatu aja amadya kuchokera pa kauntala ija. Musawakakamize moni, ndipo ngati simukuonanso bwino kupita kunyumbako, musapite.

Pamene ndaima nthawi yaitali ndi paja mwalemba kuti Habibu anafunsa kuti, "Pa fomupo anandipatsa zingati?" Inu n'kuti teni pa teni. Iye n'kuti, "Zaka zinayi ndaima pa ayezi paja, woyamba kundipatsa teni ndi amene wandimangitsa." Mwati simunadziwe ngati amaseka kapena ayi. Inenso sindikudziwa. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindikufunsani kuti mukamufunse.

Uthenga wake ndaumva. Akuti popeza ndimadziwa kulowa m'masitolo a mabwana, ndipite kwa wa pa nyama uja ndikamuuze kuti Habibu anamuganizira zoipa pachabe, ndipo dzina lake walichotsa m'mapemphero oipa aja. Ndipita Loweruka likubwerali, ndi zovala zangazi. Mlonda anditsata, asanditsate, ndikafika pa kauntala ya nyama. Mwina bamboyo sakandimvetsa n'komwe, poti sadziwa kuti ankatembereredwa. Ndikamuuzabe.

Tsopano funso lanu. Mwati Habibu wapeza kabenchi mumsika wa Ndirande, akugulitsa usipa ndi utaka wa achimwene ake. Mwati munadutsa dala kukagula mulu wa K10, monga wogula wina aliyense, kuti mumuthandize osamuchititsa manyazi. Iye anakulunga m'nyuzipepala osakuyang'anani, kenako anatapa dzanja lina lodzaza n'kuika pamwamba. Inu munafuna kukana, iye n'kuti, "Uwu ndi wathu, mayi. Mukamulembere kuti alembe pa fomu yake ija."

Mwafunsa ngati mubweze, poti mukuona ngati tikudya za munthu amene tinamulakwira. Ndaganiza masiku atatu. Musabweze. Muphike, mudye ndi mwana. Ndiwo za nsomba muzikagula kwa iye, ngakhale minibasi ya ku Ndirande idye ndalama yoposa usipawo. Musamanenerere mtengo. Ndipo akaika pamwamba, musamati basi zakwana. Muzilandira ndi manja awiri.

Ndine mwamuna wanu,
Onesimo